Mabere akundipweteka msana, kodi ndikachepetse?

Anti, ndine mayi wa zaka 31, ndili ndi mwana m'modzi ndipo ndimasoka zovala pamsika. Mabere anga anali aakulu kale koma chibadwire mwanayu mu 2021 sanabwererenso, pano afika pamchombo. Msana ndi khosi zandikwana, zingwe za bra zinakumba mizere m'mapewa, ikafika Okutobala kunsi kwake kumatuluka zilonda chifukwa cha thukuta. Adokotala akuti atha kuchotsa kilo ndi theka mbali iliyonse koma mwina nsonga adzazidula nkuzisokereranso. Bambo akunyumba akuti zili kwa ine, apongozi akuti ndikunyoza chilengedwe cha Mulungu. Chikhalirecho ndimafuna mwana wachiwiri. Nditani?
Mayi wodandaula, Zomba

Achemwali, zimene mukufotokozazi ndi matenda ndithu, si matama ayi. Munthu wongofuna kutchena sakhala ndi zilonda kunsi kwa bere. Apongoziwo muwayankhe mwaulemu, koma katunduyo mumasenza ndinu tsiku lonse pamakina osokera.

Ine chandigwira mtima ndi mwana wachiwiriyo, ndipo nkhani yonse yagona pa nsongazo. Opaleshoniyi ili ndi njira ziwiri. Nthawi zambiri amachotsa mafuta, mnofu ndi khungu koma nsonga amaisiya ili chilumikizire ku mitsempha yake nkungoikwezera m'mwamba, apapa amayi ena amayamwitsabe ngakhale mkaka umatha kuchepa. Koma bere likakhala lalitali kwambiri ngati lanuli magazi sangafike bwino kunsonga, nde amaidula yonse nkuisokerera pamalo atsopano. Akatero njira za mkaka zaduka basi, kuyamwitsa kwatha, nsonga imachita dzanzi ndipo mtundu wake umatha kuyererako. Nde mukabwerera kwa adokotala musachoke asanakuuzeni poyera njira imene adzagwiritse ntchito, komanso ngati angachotseko pang'ono kuti nsonga itsale. Mkaka wa m'chitini ndi wodula, muwerengeretu limodzi ndi bambowo.

Chinanso, mabere anu anawonjezera kukula ndi mimba, nde mimba ina ikhoza kuwakulitsanso ngakhale atachepetsedwa. Ngati mwanayo mukumufuna chaka chino kapena chamawa, ine ndikanati berekani kaye, muyamwitse, mudikire miyezi 6 kapena kuposerapo mutasiyitsa kenako mupite. Koma ngati ululu wafika poti ntchito ikukanika ndipo za mwana nzapatsogolo, palibe tchimo kuyamba ndi thupi lanu, ana ambiri akula bwinobwino osayamwa bere.

Za zipsera musanamizidwe, zimakhalapo mpaka kale, kuzungulira nsonga, kutsika pansi, nkudutsanso kunsi kwa bere. Ife akhungu lakuda timavutika kwambiri ndi zipsera zotupa zija, nde ngati muli nacho pakhutu pomwe munaboola ndolo kapena pachilonda chakale muwaonetse adokotala asanakhudze mpeni. Muwauzenso ngati muli ndi shuga, BP kapena mumasuta, zimenezi zimachedwetsa bala kupola.

Amakugonetsani tulo maola awiri mpaka anayi, ndipo kwa masabata pafupifupi 6 palibe kusenza ndowa, kusinja kapena kubereka mwana kumsana, nde pezeranitu wokuthandizani pakhomo komanso kandalama kodyera makina ali chiimire. Ambiri amene anachitidwa amapepukidwa msana msanga ndithu.

Chonde musathamangire pakakiliniki kalikonse chifukwa mwaona kotchipa pa Facebook. Funsani ngati dokotalayo ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi komanso ngati ntchito imeneyi anaigwirapo kangapo, kapena pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu ngati Queens ku Blantyre. Podikirapo kunsi kwa mabere muzitsukako nkupukuta kuume, muziikako kansalu ka thonje, ndipo poti ndinu telala dzisokereni bra ya zingwe zokulirapo kuti mapewawo apumeko. Zilondazo mukazionetse kuchipatala sabata ino.
Anti