Mabakiteriya amadyadi utsi, koma nawonso amafuna wowasamalira

Munthu wina wandilembera imelo kufunsa ngati angachotse mpweya woipa wa NOx (gulu la mipweya yopangidwa ndi nayitrojeni ndi okosijeni) mu utsi wa boyila ya pafakitale yawo pogwiritsa ntchito mabakiteriya m'malo mwa amoniya. Achimwene, funso lanu landikumbutsa miyezi imene ndinkalondera thanki ya tizilombo timeneti usana ndi usiku ndili wophunzira.

Pafupifupi 90 mwa magawo 100 a NOx wa mu utsi ndi mpweya wotchedwa NO (nitric oxide), ndipo NO sasungunuka bwino m'madzi. Kungowaza madzi m'chumuni sikuphula kanthu. Ndiye ife tinkathira m'madzimo Fe(II)EDTA, mankhwala okhala ndi ayironi amene amagwira NO msangamsanga. Madziwo akalowa m'thanki, mabakiteriya ankasandutsa NO uja kukhala nayitrojeni wamba, yemwe ndi magawo 78 pa 100 a mpweya umene timapuma. Chakudya chawo chinali ethanol. Njirayi amaitcha BioDeNOx, anaifufuza kwambiri ku Netherlands, ndipo imayenda pa kutentha kwa madigiri 50 mpaka 55 Celsius basi.

Tsiku limene mita inaonetsa kuti NO watsika, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Koma Loweruka lina pampu ya ethanol inaima popanda wodziwa. Mu utsi mumakhalanso okosijeni, ndipo okosijeniyo amasandutsa ayironi kukhala Fe(III), yemwe sagwira NO ngakhale pang'ono. Pali mabakiteriya ena amene ntchito yawo ndi kubwezeretsa ayironiyo kukhala Fe(II), koma ndi njala akanagwira bwanji ntchito? Pofika Lolemba, NO ankangodutsa ngati palibe chomutchinga. Zinanditengera milungu itatu kuti thankiyo itsitsimuke.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva anthu akutsatsa njirayi ngati "yachilengedwe" komanso yosavuta. Si zoona ayi. EDTA, mankhwala aja osunga ayironi m'madzi, imaphwanyika pang'onopang'ono ikakumana ndi okosijeni, muyenera kumaonjezera ina, ndipo yotayidwayo sichedwa kutha kokha m'mabuku, m'mitsinje imakhalitsa. Pamene makina akuchira, utsi suyembekezera. Kunja NO amasanduka mpweya wina wotchedwa NO2, amene amapweteka mapapo, makamaka a ana odwala mphumu, komanso amabweretsa mvula ya asidi. Anthu okhala pafupi ndi chumuni ndi amene amalipira kulephera kwathu.

Komanso ndimailemekeza SCR, ija yothira amoniya n'kudutsitsa utsi pa catalyst (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) ya chitsulo chotchedwa vanadium pa madigiri 300 mpaka 400. Ku Japan anayamba kuigwiritsa ntchito m'mafakitale m'ma 1970, ndipo imachotsa magawo 80 mpaka 90 pa 100 a NOx. AdBlue, madzi a urea aja a m'magalimoto a dizilo, amagwira ntchito mwanjira yomweyo.

Nanga inu muchite chiyani?

Yambani ndi lawi la moto: chepetsani mpweya wopitirira muyeso wolowa pamotopo, muike burner (choyatsira moto) yotulutsa NOx wochepa. Zikapanda kukwanira, poperani urea m'ng'anjo pa madigiri 850 mpaka 1100. Mabakiteriya muwaganizire pokhapokha ngati muli kale ndi makina otsuka utsi ndi madzi, pampu yachiwiri, ndi munthu woyeza ayironi tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe.