Kutchalitchi amawerenga bwino, koma mayeso akumukanika: yankho kwa mayi a ku Nsipe

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Nsipe, ku Ntcheu. Apempha kuti dzina lisatchulidwe, choncho ndingowaitana ndi mfunda wawo, aNangozo. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Mwana wanga wamkazi ali sitandade 7. Kutchalitchi akamupatsa mawu oti awerenge, amawerenga mosadodoma mpaka anthu amandiyamikira. Chingerezi nachonso amachitchula bwino. Koma teremu yathayi mafunso a pa nkhani walakwa pafupifupi onse, sayansinso sanakhoze. Ndikamufunsa zimene wawerenga amangoti ndaiwala. Mlongo wake wa sitandade 5 ndiye amachita kuloza liwu lililonse ndi chala. Kodi ndi ulesi? Ndigule mabuku ena, kapena ndiwapezere aphunzitsi a part time?"

ANangozo, si ulesi ayi. Ana anuwa ali ndi mavuto awiri osiyana, ndipo mankhwala a wina sangachize mnzake.

Tiyambe ndi mnyamatayo, poti vuto lake ndi loonekeratu. Mutu wa munthu sungagwire ntchito ziwiri zolemetsa nthawi imodzi. Mwana amene akulimbana ndi maphatikizo, mphamvu zake zonse zimathera pa kutchula, ndipo akamafika pampumiro amakhala ataiwala kale mmene chiganizo chinayambira. Akatswiri awiri a ku America, David LaBerge ndi Jay Samuels, analongosola zimenezi mu 1974, ndipo mu 1979 Samuels anafalitsa njira yosafuna ndalama: kuwerenga ndime imodzimodziyo mobwerezabwereza. Sankhani kandime kakafupi ka Chichewa, kosapitirira theka la tsamba. Muyambe inuyo kuwerenga iye akutsatira ndi maso, kenako muwerengere limodzi, kenako yekha. Mawa lake abwerezenso komweko, mkuja chimodzimodzi. Asathamange. Pampatuliro apume pang'ono, pampumiro aime, ndipo funso limveke kuti ndi funso.

Lolemba tengani foni muone kuti pa mphindi imodzi wawerenga mawu angati molondola, Lachisanu muonenso pa ndime yomweyo. Mpikisano wake ukhale wa iye yekha ndi nambala yake ya Lolemba, osati ndi mchemwali wake. Musamuyezenso ndi manambala amene mungaone pa intaneti, chifukwa ambiri ndi a Chingerezi, pamene mawu athu ndi aatali ndipo limodzi limatha kusenza chiganizo chonse. Kubwereza kumatopetsa ngati palibe chifukwa, ndiye muuzeni kuti Loweruka akawerengera agogo ake. Chala chija musachimenye, chidzachoka chokha.

Za mtsikanayo ndi zimene ndikufuna tikhalepo, chifukwa ana otere alipo ambiri ndipo saoneka. Mphunzitsi akati imirira uwerenge, amawerenga bwinobwino, kalasi n'kuomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chichewa chimalembedwa monga mmene chimatchulidwira. Mwana akangodziwa maphatikizo, atha kutchula chilichonse chimene mwamuikira, ngakhale chimene sakuchimva n'komwe. Luso lomwelo amalitengera ku Chingerezi, ndipo ngati ali ndi khutu labwino amatchula mokoma kwambiri. Kutchalitchi kumamuyendera chifukwa mawu a m'Buku Lopatulika kapena Buku Loyera anawamva kambirimbiri, nkhani zake akuzidziwa, mwinanso amayeserera dzulo lake. Buku la sayansi silimupatsa mwayi umenewo: chinenero n'chachilendo, nkhaninso n'njachilendo.

Sukulu nayo ili ndi mbali yake. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi wa ana oposa 80 sangamve mwana aliyense payekha. Chotsatira chake ndi kuwerenga kwa chigulu, kukopera manotsi pabolodi ndi kuloweza. Pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga, National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inaika mtima pa sitandade 1 mpaka 4. Kumtunda kuno timangoganiza kuti mwana anadziwa kale kuwerenga, pomwe ndi pamene mabuku a Chingerezi amayamba kulemera, ndipo mayeso a MANEB a sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Sindikuwada aphunzitsi. Ndikungonena kuti mwana akhoza kufika sitandade 7 popanda wina womuuza kuti zimene akuwerenga ziyenera kumveka, ndipo kuti zikasiya kumveka aime.

Ndiye akamati ndaiwala, musakhulupirire. Sanaiwale. Sanamve n'komwe, ndipo chachikulu n'chakuti sanazindikire kuti sanamve. Kuwerenga kwake kuli ngati munthu wokwera minibasi pa Kampepuza kupita ku Lizulu n'kugona tulo: wafika ndithu, koma mukamufunsa zam'njira alibe chonena. Wowerenga wokhwima amasokonezeka nayenso, kawirikawiri ndithu, kusiyana kwake n'kwakuti amadzimva pamene wasochera, n'kubwerera. Luso lodziyang'anira m'maganizo chonchi ndi limene katswiri John Flavell anatchukitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo limaphunzitsika.

Mu 1984 Annemarie Palincsar ndi Ann Brown anayesa njira ina pa ana a giredi 7 ku America, ofanana ndendende ndi mwana wanu: otchula bwino koma osamva. Mphunzitsi ndi ana ankasinthana udindo wa uphunzitsi. Yemwe wagwira udindo ankafunsa funso pa ndime imene awerenga, kuifotokoza mwachidule, kumasula pamene pavuta, ndi kulosera zimene zikubwera kutsogolo. Anawo anayamba kukhoza mafunso amene kale ankawakanika. Chimene chimandisangalatsa pa njirayi n'chakuti sifuna kompyuta kapena buku latsopano. Ifuna munthu wamkulu wolola kuganiza mokweza pamaso pa mwana.

Tiyerekeze mwatsegula mutu wa kukokoloka kwa nthaka. Musanawerenge, onani mutu ndi zithunzi, mumufunse kuti akuganiza kuti mumva zotani. Mukumbutseni zigwembe zimene amaziona m'minda ya m'mapiri kwanuko mvula ikagwa yambiri, ndi udzu wa vetiva umene alangizi amalimbikitsa. Awerenge ndime imodzi yokha. Kenako inuyo munene mokweza: "Iii, apa ndasochera. Kaliwu aka kakuti it kakuimira chiyani, mvula kapena nthaka? Tabwerera pang'ono tione." Kapena: "Apa alemba however, ndiye kuti zimene zikubwerazi zitsutsa zoyamba zija." Timawu tating'ono timeneti, it, they, because, although, however, ndi timene timagwetsa ana ambiri, kuposa mawu aataliatali a sayansi amene aphunzitsi amalemba pabolodi. Ndime ikatha, atseke buku akuuzeni m'Chichewa, m'ziganizo ziwiri, zimene yanena. M'Chichewa, ndabwereza dala. Mwana woloweza atha kukubwezerani chiganizo cha Chingerezi chonse osamva kanthu, koma sangachinene m'chinenero chake asanachimve. Ndime yotsatira musinthane, iye akhale mphunzitsi, akufunseni inu.

Mwina muti Chingerezi chanu n'chochepa. Palibe kanthu, mwinanso ndi bwino. Mukamufunsa kuti "tandiuza, akuti chiyani pamenepa?" funso lanu limakhala lenileni, osati la mayeso, ndipo ana amasiyanitsa.

Mupatseninso kope lapadera. Mabuku a sukulu ndi obwereka, asalembemo. Akamawerenga yekha alembe nambala ya tsamba, achonge ngati wamva, aike mfunsiro ngati sanamve, ndipo pambali pake alembe chimene chamuvuta: liwu lachilendo, chiganizo chachitali, kapena maganizo anangothawira kwina. Chilichonse chili ndi chochita chake. Liwu lachilendo, apitirize kaye aone ngati ziganizo zoyandikana zingamuthandize, zikakanika afunse kapena aone mu dikishonale. Chiganizo chachitali achidule pampatuliro, apeze kuti wachita ndani, wachita chiyani. Maganizo akathawa, abwerere pamene anamva komaliza.

Apa ndi pamene makolo ambiri timaphonya. Mwana akabwera ndi tsamba lodzaza mifunsiro, nkhope yathu imagwa, mwinanso kumukalipira kuti kusukulu umakatani. Mukatero kamodzi kokha, mawa adzachonga paliponse. Ana athu tinawalera kuti kunena "sindinamve" kwa wamkulu ndi manyazi, ndipo kalasi yonse ikafunsidwa ngati yamva imayankha "eee" mwa ulemu chabe. Kunyumba kwanu mfunsiro uziyamikiridwa kuposa chongi, makamaka milungu yoyambirira.

Za mabuku, musathamangire kugula mabuku a mafunso a mayeso akale. Amenewo amayesa kuwerenga, saphunzitsa. Ana anu afuna zowerenga zambiri zosavuta, zina zongosangalatsa. Tsamba la Tamvani mu Weekend Nation, nyuzi za Fuko, Mkwaso ndi Boma Lathu zikapezeka, zonsezi ndi Chichewa chabwino kwa mnyamatayo. Funsani kusukulu ngati angabwereke buku kumapeto kwa mlungu, ndipo fufuzani nthambi ya National Library Service imene ili pafupi nanu. Kwa mtsikanayo musanyoze zolembedwa za pakhomo: malangizo a pabotolo la mankhwala opopera tomato, kapepala ka m'bokosi la mankhwala a malungo, uthenga wa ku banki pafoni. Pamenepo kumva kuli ndi phindu looneka, chifukwa akalakwitsa muyeso tomato apserera, ndipo mwana amadziwa zimenezo.

Aphunzitsi a part time sindikuwakana, koma musanalipire kafunseni kuti ola limenelo amachita chiyani. Ngati ndi kukopera manotsi ena ndi kuloweza mayankho, mukugula matenda omwewo kawiri. Ngati amakhala ndi ana ochepa, kumvetsera aliyense akuwerenga ndi kukambirana nawo ndime, lipirani. Kaonaneninso ndi aphunzitsi awo a m'kalasi, muwauze zimene mukuchita kunyumba, akuuzeni mitu ya teremu ino kuti muziwerenga zomwezo.

Chinthu china, ndipo mundikhululukire ngati ndalowerera za pakhomo. Mphindi 20 patsiku zikwana, koma zikhale za masana kusanade, osati mwana wamkazi atatha kutunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale, akusinza pa tochi. M'miyezi yozizira ya June ndi July kuno kumada msanga, ndipo ntchito zina mlongo wakeyo atha kugwirako.

Mnyamatayo akatha teremu yonse akubwereza ndime koma osasintha, kapena mukaona akutsinzinira ndi kuyandikitsa buku kumaso, mupite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu. Zikapezeka kuti zili bwino, funsani a hedi za aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, amene ambiri amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Mtsikanayo, yembekezerani kuti milungu yoyamba ayamba kuwerenga mochedwa kuposa kale, kuima, kubwerera, kung'ung'udza yekha. Musamubweze ku liwiro lakale. Teremu ikatha mundilemberenso, ndipo mundiuze mitundu ya mifunsiro imene yachuluka m'kope lake, kuti tione chotsatira.