Musathamangire PLC yachiwiri musanaone ma kebulo ndi magetsi

Achimwene, mwafunsa ngati kuika ma PLC awiri (PLC ndi kontrola, kakompyuta koyendetsa makina) kungathetse vuto la fakitale kuima kontrola ikafa, ndiponso SCADA (pulogalamu yoonera ndi kulamulira makina pa kompyuta) yabwino ndi iti. Za SCADA ndisiyira ena, ine ndinena zomwe ndinaziona ndi maso anga.

Pa fakitale ina yomwe ndinkagwirako ntchito tinali ndi ma PLC awiri a Siemens a S7-1500R, ina yogwira ntchito ina yodikirira, pa ring (ma kebulo olumikizidwa mozungulira) ya netiweki ya PROFINET. MRP, njira yotetezera ring imeneyi, imalola kebulo imodzi kuduka, netiweki n'kudzikonza yokha pasanathe mamilisekondi 200. Tsono khoswe anatafuna kebulo imodzi kuseri kwa panelo, ndipo palibe anadziwa chifukwa alamu ya ring sinalumikizidwe ku HMI, sikirini yomwe opareta amaonerapo makina. Makina ankangoyenda bwinobwino. Patapita miyezi, mnzathu wina pokonza drive (chipangizo choyendetsa mota) anazula kebulo mbali inayo, layini yonse zii. Katundu anaumira m'mapaipi, tinachezera usiku wonse kukolopola ndi manja. Ma PLC onse awiri anali amoyo, nyali zikuyaka, koma osatithandiza kanthu.

Ndiye chonde, alamu ya ring ndi ya kontrola yodikirira zizionekera pomwe opareta amakhala. Mbali ziwiri za ring zisadutse mu tray imodzi ya ma kebulo. Ma PLC awiriwo asamwe pa power supply imodzi ya 24V: ikani ziwiri, pa ma breaker osiyana, imodzi ikhale pa UPS (batire yogwirizira magetsi akathima). Ndi mmene magetsi amathimathimira kwathu kuno, chimayamba kufa ndi power supply, osati CPU.

Amene akuti RSTP, njira ya ma switch wamba yopezera njira ina kebulo ikaduka, ndi yokwanira, zimenezo n'za mu ofesi. Imatha kutenga sekondi kapena kuposa, pomwe IO (ma module olumikiza PLC ndi masensa ndi ma mota) yagwa kalekale. Ngati muli pa ma PLC a Allen-Bradley gwiritsani DLR, ring yawo, imachira pasanathe mamilisekondi 3, ndipo ma PLC awo a ControlLogix afunanso ma module a 1756-RM2 ndi fiber zolumikizira ma kontrola awiriwo.

Pa Siemens funsitsani wogulitsa ngati IO iliyonse ili ndi S2, kutanthauza kuti imalumikizana ndi ma kontrola onse awiri nthawi imodzi. Ya S1, yolumikizana ndi kontrola imodzi yokha pa nthawi, imayamba yaduka kaye kontrola ikamasinthana. Firmware (pulogalamu ya m'kati) ya ma CPU awiriwo ifanane ndendende.

Mtengo werengerani kupitirira kuwirikiza kawiri, mukaphatikiza ma switch, power supply ndi katswiri wodzakonza pulogalamu. Gulirani limodzi sipeya, chifukwa kuitanitsa ku Johannesburg ndi vuto la forex lilipoli mudikira masabata.

Tsiku la shutdown thimitsani dala kontrola yoyamba, zulani kebulo imodzi, muone ngati mota iliyonse ikupitiriza. Muchite zimenezi wokuikiraniyo asanalandire ndalama yomaliza.