Mbawa za ku Salima ndi za ku Nkhotakota: kodi vuto ndi kuchepa kwa mvula?

Bambo wina wa ku Khombedza m'boma la Salima wanditumizira funso pa imelo. Akuti iye ndi mng'ono wake wa ku Nkhotakota anagawana mbande za mbawa zochokera pa nazale imodzi, nazibzala chaka chimodzi, koma lero za mng'ono wakeyo zatalika kwambiri pamene zake zikadali zopinimbira. Akufuna kudziwa ngati chifukwa chake n'chakuti ku Nkhotakota kumagwa mvula yambiri.

Bambo, n'zoona kuti Nkhotakota imalandira mvula yochuluka kuposa madera ambiri a Salima, koma ine sindingaike mlandu wonse pa kuchuluka kwa mvula. Chimene mtengo umamva ndi kutalika kwa nthawi imene nthaka imakhala ndi chinyontho, ndipo zimenezi zimadalira kagwedwe ka mvulayo pamodzi ndi mtundu wa dothi. Mvula yamkuntho yogwa usiku umodzi pa nthaka yopanda chophimba imathamangira m'mitsinje mpaka kunyanja, pamene mvula yofanana nayo kuchuluka, ikagwa pang'onopang'ono ngati mvumbi, imalowa pansi pamene pali mizu.

Masamba ali ndi timabowo tating'onoting'ono timene mtengo umakokera mpweya wopangira chakudya, ndipo madzi amatulukiranso pa timabowo tomweto. Nthaka ikauma, mtengo umatseka timabowoto kuti usafote, koma ukatero umasiyanso kupanga chakudya, choncho thunthu silinenepa. N'chifukwa chake ng'amba ya milungu itatu mu Januwale kapena Febuluwale imabweza m'mbuyo mbande ngakhale chaka chimenecho mvula itadzagwa yambiri pambuyo pake. Alimi a chimanga anaziona bwino zimenezi m'nyengo ya El Niño ya 2023 mpaka 2024, ndipo mitengo yaing'ono inavutika mofananamo, kungoti palibe amene amaiwerengera.

Dziko lathu limalandira pafupifupi mvula yake yonse kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenaka n'kukhala miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuli gwaa. Mitengo yachilengedwe inazolowera zimenezi, uliwonse m'njira yake. Mlambe, umene ndi wosasowa kuno ku Salima, umasunga madzi m'thunthu lake lofewa ndipo umayoyola masamba chilimwe chonse. Mitengo ya miombo ya m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota imaphukira masamba ofiira cha mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, pogwiritsa ntchito chakudya chimene inasunga ndi chinyontho chimene mizu yake imapeza pansi. Mlombwa ukakhala waung'ono umatha kuuma kumtunda chaka ndi chaka pamene muzu ukukula mobisika, ndipo munthu wosadziwa amati wafa. Msangu ndiye umachita zosemphana ndi inzake: umagwetsa masamba m'dzinja n'kubiriwira m'chilimwe, chifukwa muzu wake umafika pa madzi a pansi pa nthaka, ndipo n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake.

Mbawa si ya gulu limeneli. Kwawo kwenikweni ndi m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango zachinyontho, kumene nthaka ndi yakuya ndipo siumitsitsa. Ngati munda wa mng'ono wanu uli kufupi ndi mtsinje ngati Bua kapena Dwangwa, pamene wanu uli pa mchenga kapena pa mtunda wa miyala, kusiyana kumene mukuonako n'kosadabwitsa konse. Komanso madzi ochuluka mopitirira nawo amapha, chifukwa mizu imafuna mpweya, ndipo pa dambo la makande pamene madzi amaima kwa milungu, mbande zambiri zimachita chikasu n'kuwola mizu.

Kumaiko ena nkhani yake imasintha. M'nkhalango za Amazon ndi Congo mvula imagwa miyezi yambiri ya chaka, kotero mitengo yambiri siyoyola masamba nthawi imodzi, ndipo mpikisano waukulu umakhala wolimbirana dzuwa. Ku Cape Town ndi m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean mvula imagwa m'nyengo yozizira, nyengo yotentha n'kukhala youma, choncho mitengo ngati ya azitona ili ndi masamba aang'ono olimba osataya madzi msanga. Ku Canada ndi ku Russia chimene chimaimitsa kukula kwa mtengo kawirikawiri ndi kuzizira. Palinso mitengo yopindula ndi nkhungu: mitengo italiitali ya redwood ya ku California imakoka madzi ku nkhungu ya kunyanja, ndipo mkungudza wa pa phiri la Mulanje umathandizidwa ndi mitambo ndi chiperoni, zomwe kuno kunyanja kulibe.

Umboni wa zonsezi umalembeka m'thunthu. Mukadula mtengo womera kumene kuli nyengo youma yodziwika bwino, monga mlombwa, mumaona mizere yozungulira, ndipo chaka cha chinyontho chokwanira chimasiya mzere wotakata pamene cha chilala chimasiya wopyapyala. Katswiri wina wa ku Arizona, A. E. Douglass, ndiye anakhazikitsa maphunziro owerenga mizere imeneyi kuti adziwe za nyengo zakale.

Tsono mbawa zanuzo musazizule. Ziikireni udzu wouma kapena mapesi mozungulira, osakhudza thunthu chifukwa cha chiswe, ndipo mukumbe kakhwawa kooneka ngati theka la mwezi kumunsi kwa mtengo uliwonse kuti madzi a mvula aziima n'kulowa pansi. M'chilimwe ndi bwino kuthirira madzi ambiri kamodzi pa mlungu kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse, popeza kuwazako kumachititsa mizu kuyandama pamwamba. Nyengo ya boma yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma kuno ku Salima ine ndingabzale mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, nthaka itanyowa bwino, chifukwa mbande ya mu Malichi imakumana ndi chilimwe mizu isanazame. Pa malo ouma kwambiri a munda wanu, yesani msangu kapena nimu, mbawa muzisiyire kumunsi kumene chinyontho chimakhalitsa.