Ndalama za tiketi yamumsika zimapita kuti? Ndiyankha, koma ndiyambe ndadandaula

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Zigwagwa kuno ku Mzuzu, yomwe anawalembera ndi mwana wawo. Tsiku lililonse amadula tiketi, ndiye akufuna kudziwa kuti khonsolo imatolera zingati pamwezi, zimagwira ntchito yanji, komanso ngati pali lamulo loti ziwerengerozi ziziikidwa poyera.

Amayi, mwatokosa chilonda chomwe ndinkayesa chinapola.

M'chaka cha 2018 ndinkagwira ntchito kuboma lina, osati kuno ku Mzuzu, ndipo dzina lake sinditchula. Kudera kwathu anamanga kamlatho komwe kanapita ndi mvula yoyamba. Ine ndi anzanga awiri tinagwirizana zokaona pepala losonyeza ndalama zomwe zinalowa pamenepo. Ulendo woyamba anati abwana ali kumsonkhano kunyanja. Wachiwiri anati makiyi apita ndi munthu yemwe ali kumaliro. Wachitatu anzanga aja anagwa ulesi, ndinapita ndekha. Ndinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka nthawi ya nkhomaliro, maso ali pa kabati yachitsulo yotuwa, pamwamba pake ataunjikapo mafayilo omanga ndi chingwe, ena atafufuma ndi madzi a denga lodontha. Kenako anatulukira bambo wina wa tayi, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Achimwene, mwatumidwa ndi ndani?"

Funso limenelo limandiwawabe mpaka lero. Kwa iwo, munthu wamba sangafune yekha kudziwa za ndalama za msonkho wake. Ngati wafunsa ndiye kuti alipo wandale amene wamutuma. Ndipo manyazi anandigwira ineyo, ndinachita kupepesa potuluka! Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndalama ya kabaza nditaiwononga katatu.

Chomvetsa chisoni n'choti nthawi imeneyo lamulo linali litalembedwa kale. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhudza ufulu umenewu, la Access to Information, mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika n'kusainira mu Febuluwale 2017, koma linangogona m'kabati ngati mafayilo anga aja mpaka pa 30 Sepitembala 2020 pomwe linayamba kugwira ntchito. Choncho tsiku lija ndinalibe poponda. Inu lero muli napo. Simukusowa lamulo lapadera la mzinda wa Mzuzu, chifukwa lamulo la dzikoli limamanga maofesi onse aboma, makhonsolo omwe.

Ndinkaganiza kuti vuto ndi anthu oipa mtima. Pano ndasintha maganizo, vuto ndi chizolowezi. Kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka 9 zathunthu popanda munthu wosankhidwa ndi ife woti aimirire mumsonkhano n'kufunsa kuti ndalama zayenda bwanji. Ofesi ikazolowera kusafunsidwa, wofunsa amaoneka ngati wamwano. Nafenso tinazolowera kung'ung'udza m'minibasi, tikafika pakhomo la ofesi n'kuvula chipewa.

Ndipo ndinene mosapsatira: kujambula pepala la bajeti ndi foni mopendekeka n'kuliponya pa Facebook si kuika zinthu poyera. Manambala osaoneka bwino, Chingerezi chokhachokha mumzinda womwe anthu amagula ndi kugulitsa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndiponso kuti uchione uyambe wagula bandulo. Ziwerengero zenizeni ndi zomwe mwana wanu angatsitse pa kompyuta, kuphatikiza yekha mwezi ndi mwezi, n'kuona pomwe zatsika. Ndipo kwa mayi wapamsika, bolodi lamatabwa pageti lolembedwa ndi choko kuti "mwezi uno tatolera zakuti, tagulira zakuti" limaposa webusaiti iliyonse.

Kuti n'zotheka, onani a National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, ku Zomba. Zotsatira za kalembera wa 2018 zili pa intaneti, aliyense atha kutsitsa osalipira. M'menemo ndi momwe mudzapeze kuti Mzuzu unali ndi anthu 221,272. Palinso webusaiti ya MASDAP, pomwe amaikapo mapu a dziko lino. Nkhani ya mapuyi imandifika pamtima chifukwa cha mvula ya mu Epulo 2016, yomwe inagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno. Mpaka lero anthu akugulabe mapuloti m'madambo ndi m'malo otsetsereka, chilimwe kutauma gwa, osadziwa kuti Malichi akafika madzi amadzera pakhomo pomwepo. Msuweni wanga anatsala pang'ono kugula malo otere. Anamupulumutsa ndi agogo ena oyandikana nawo omwe anamuonetsa mzere wa matope pakhoma la nyumba yawo, m'chiuno mwa munthu wamkulu. Agogo amenewo ndiwo anali mapu ake. Safunsa anadya phula, koma nanga munthu azichita kudalira mwayi wokumana ndi agogo?

Ndasochera. Tibwerere ku tiketi.

Tsono mutani?

Lembani kalata yopita kwa ofisala wa kukhonsolo woona zopereka nkhani kwa anthu, chifukwa lamulo limati ofesi iliyonse yaboma ikhale naye. Kupempha pakamwa kumaloledwa, koma ine ndikuti lembani. Musalembe kuti "tikufuna kudziwa za ndalama." Tchulani msika, tchulani miyezi, nenani kuti mukufuna ndalama zotoleredwa mwezi uliwonse ndi zomwe zinagwiritsidwa ntchito pamsikapo. Pangani fotokope, ndipo yanuyo akudindireni chidindo cha tsiku lomwe alandira. Kuchokera pamenepo werengani masiku 15 ogwira ntchito, ndiyo nthawi yomwe ayenera kukuyankhani. Kupempha n'kwaulere, mungalipire za fotokope basi. Akakana kapena akangokhala chete, dandaulani kwa mkulu wa ofesiyo, ndipo zikakanika pitani kwa a bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, omwe anapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Mayina a ogulitsa anzanu ndi ngongole zawo musapemphe, zimenezo ndi za eniake. Khansala wa dera lanu mumupatsenso kope lake.

Kalatayo isainidwe ndi anthu angapo a mu komiti ya msika, musapite nokha ngati mmene ndinachitira ine. Wina akakufunsani kuti mwatumidwa ndi ndani, mutulutse matiketi a mwezi wonse omwe mwasunga m'kachikwama, muwayale patebulo. Mukayankhidwa mundilemberenso, ndikufuna ndione manambalawo ndi maso anga, ndipo Loweruka ndidzera ku Zigwagwa kudzagula anyezi.