Duwa la mawanga a kambuku silifuna dothi

FUNSO: Akonzi, mlamu wanga wa ku Nkhata Bay anandipatsa chomera cha m'gulu la ma orchid chotchedwa Ansellia africana, chija maluwa ake ndi achikasu a mawanga ofiirira ngati kambuku. Ndinachidzala m'chitini chodzaza dothi lakudimba ndi manyowa a nkhuku, ndipo ndimachithirira m'mawa uliwonse, koma masamba akuyoyoka, mizu yada ndipo ikununkha. Kodi chingapulumuke? Mayi wa ku Katoto, Mzuzu.

YANKHO: Mayi, chingapulumuke ngati muchichotsa m'dothimo lero lomwe, chifukwa chimene chikuchipha ndi dothi ndi madzi amene mukuchipatsa mwachikondiwo. Ansellia africana ndi chomera cha kuno ku Africa, ndipo kutchire kawirikawiri sichimera pansi, koma chimakangamira pamphanda za mitengo ikuluikulu ndi pa migwalangwa, m'madera otentha kumene mvula ikagwa mizu imauma tsiku lomwelo. Sichiyamwa mtengo umene chakhalapo, chimangoupanga pokhalira. Dzina lake linachokera kwa John Ansell, amene anachitola pa chilumba cha Fernando Po, chimene lero chimatchedwa Bioko, ku Equatorial Guinea, m'chaka cha 1841.

Mukachizula, yang'anitsitsani mizu. Muzu wamoyo ndi wolimba, wokutidwa ndi khungu loyera lofewa limene limamwa madzi msanga n'kusanduka lobiriwira likanyowa, pamene muzu wakufa ndi wakuda ndipo ukaufinya umaphwa, n'kutsala kaulusi kokha pakati. Dulani yakufayo ndi mpeni umene mwauwambika pamoto, kenako muchiike pamthunzi masiku awiri kuti mabala aume. Timizu toyera tosongoka toloza kumwamba musatidule, ngakhale tikuoneka ngati taphonya njira, pakuti ntchito yake ndi kukola masamba ogwa mumtengo, amene akawola amasanduka chakudya cha chomerachi.

Njira imene ine ndimaikonda ndi kuchibwezera pamtengo. Sankhani mphanda ya mtengo wa makungwa okhakhala, monga mango, pamene dzuwa lam'mawa limafika bwino, ndipo muchimange zolimba ndi chingwe cha khonje kuti chisagwedezeke ndi mphepo, chifukwa nsonga za mizu yatsopano zikamakhudzidwakhudzidwa zimaleka kukula. Pamene khonjelo lizidzawola, mizu idzakhala itagwira yokha. Ngati pabwalo panu palibe mtengo, tengani mphika wobowola pansi ndi m'mbali momwe, muikemo zidutswa za makungwa a paini, makala ndi njerwa zophwanya, zazikulu ngati chala chamanthu. Makungwa a paini sasowa ku Mzuzu, popeza mitengo ya ku Chikangawa imachekedwa pafupi. Utuchi wokha musaikemo, umasunga madzi ngati dothi lomwe.

Nkhani yaikulu kwa inu ndi nyengo ya Mzuzu. Mzindawu uli pamtunda wopitirira mamita 1,200, mvula yake imachedwa kusiya, ndipo mu Juni ndi Julayi mumakhala kuzizira, nkhungu ndi mvula yowaza, zinthu zimene chomera chozolowera kutentha kwa kunyanja sichikondwera nazo. Chinyezi chikakumana ndi chisanu mizu imawola msanga kuposa mmene imawolera kotentha. Choncho m'miyezi imeneyo chamumphika chikhale pakhonde pamene pamawala koma mvula siifika, ndipo muzichithirira mwa apo ndi apo, kungoti timitengo take tisakwinyike kwambiri. Timitengo tonga mizimbe timeneto timasunga madzi ndi chakudya, motero ludzu la milungu ingapo silichipha, ndipo kupuma kotereku n'kumene kumathandiza kuti chidzachite maluwa. Mphukira zatsopano zikayamba kutuluka, onjezerani madzi, koma nthawi zonse muzidikira kuti makungwa aume musanathirenso, ndipo muzithirira m'mawa.

Manyowa a nkhuku ndi aukali, amawotcha mizu yotere. Feteleza wosungunula m'madzi ndi wokwanira, pa mlingo wa gawo limodzi mwa magawo 4 a umene walembedwa papaketi, kawiri pamwezi pa nthawi yokula yokha. Masamba akabiriwira kwambiri chomera osachita maluwa, dziwani kuti mthunzi wachuluka.

Ena adzakupemphani mbewu akadzaona maluwa. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo sizimera popanda mtundu wina wa nkhungu ya m'gulu la bowa, choncho njira ya pakhomo ndi kugawa tsinde likakula, chigawo chilichonse chikhale ndi timitengo tosachepera 3. Kukazula kunkhalango sindikulimbikitsa, chifukwa chomerachi chikuchepa kutchire, monga akucheperanso ma orchid apansi amene amakumbidwa popanga chakudya chotchedwa chinaka, ndipo kutumiza orchid kunja kwa dziko kumafuna chilolezo pansi pa pangano la CITES, limene mayiko anagwirizana poteteza zomera ndi nyama zakutchire pa malonda. Chanucho, poti chavulala mizu, chitha kudumpha chaka chimodzi kapena ziwiri chisanachite maluwa.