Zaka 31, ana awiri: kodi unamwino wandidutsa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mchengautuwa. Akuti: "Kuyambira ndili sitandade 4 ndinkafuna kudzakhala namwino. Ndinalemba Fomu 4 mu 2012, koma Physical Science ndinapeza 8, masamu 7. Pano ndili ndi zaka 31, ana awiri, ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika. Kodi ndingoiwala?"

Mayi, musaiwale, komanso musathamangire kugulitsa mabelo onse. Yambani mwafufuza ngati chimene mumafuna ndi ntchitoyo kapena yunifolomu. Mwana wa sitandade 4 amasirira zovala zoyera, saona namwino amene wachezera usiku wonse mu wodi yodzaza, kusambitsa wodwala wodziyipitsira, kapena kuuza gadiyani kuti m'bale wake watisiya. Pezani anamwino awiri amene agwira ntchito zaka zingapo, muwafunse za mashifiti a usiku ndi za malipiro mosabisa. Ngati munadikirirapo wodwala ku chipatala cha Central ku Luwinga, kumbukirani mmene munkamvera fungo la mu wodi tsiku lachitatu. Mtima ukakhalabe pomwepo, tiyeni tipitirize.

Chotchinga chachikulu si zaka zanu ayi, ndi satifiketi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, pamene 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Sukulu za unamwino zimafuna ma credit asanu ndi limodzi, ndipo zimayang'anitsitsa Chingerezi, masamu, Biology ndi sayansi inayo. Ndiye 8 ndi 7 wanu uja sakulowetsani. Muyenera kulembanso, ndipo dziwani kuti Physical Science imene munaphunzira inu anaigawa pawiri: tsopano ndi Physics payokha, Chemistry payokha. Makope anu a 2012 sangakukwanireni.

Ambiri amalakwitsa apa. Amalembetsa maphunziro awiri okha amene anagwa, n'kudzamva mochedwa kuti koleji imene akufuna ili ndi malamulo ake pa kuphatikiza zotsatira za zaka zosiyana. Musanalipire kalikonse ku MANEB, pitani nokha ku makoleji a unamwino a St John's kuno ku Mzuzu ndi ku Ekwendeni, mukaone chilengezo chimene anaitanira ophunzira chaka chatha. Funsani zitatu: amalola kuphatikiza ma satifiketi angati, satifiketi yakale amailandira mpaka ya chaka chiti, ndiponso ngati pali malire a zaka zakubadwa. Mayankho amenewo ndi amene akuuzeni ngati mulembe maphunziro atatu kapena onse.

Polembanso, sankhani sukulu ya open imene ili ndi labu. Biology, Physics ndi Chemistry zili ndi mayeso a practical, ndipo munthu amene sanagwirepo burette (kachubu kagalasi koyezera zamadzimadzi mu labu) amanjenjemera tsiku la mayeso ngakhale ataloweza buku lonse. Kulembetsa kumatsekedwa miyezi yambiri mayeso asanayambe, choncho musadikire Januwale. Pa kuwerenga, maola awiri tsiku lililonse amaposa kuswera Loweruka lonse pa buku. Kwa munthu wamumsika nthawi yabwino ndi m'bandakucha ana asanadzuke, ngakhale kuzizira kwa Mzuzu mu Juni sikunyengerera. Masamu sawerenga ngati nyuzipepala: tengani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, muziwerengetsera ndi pensulo mutatchera wotchi.

Mukakhoza, dipuloma ya unamwino ndi uzamba m'makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) imatenga zaka 3, digiri ku Mzuni zaka 4. Mukamaliza pali mayeso enanso a Nurses and Midwives Council of Malawi, amene popanda iwo simuloledwa kugwira ntchito. Mukaphatikiza chaka cholembanso, mudzavala yunifolomu muli ndi zaka pafupifupi 36. Sikuchedwa kumeneko, patsogolo padakali zaka zoposa 20 za ntchito.

Chimene chimagwetsa amayi a msinkhu wanu kawirikawiri si kalasi, ndi ndalama ndi zapakhomo. Kupatula fizi, pali yunifolomu, nsapato, zoyendera ndi chakudya nthawi imene akutumizani kukaphunzira ntchito kuzipatala zakutali, mwina milungu ingapo musanaone ana. Khalani pansi ndi abambo akunyumba kapena achibale tsopano lino, mugwirizane amene adzasamale anawo. Katapila musamuyandikire n'komwe. Banki m'khonde ingathandize pa ndalama zolembetsera mayeso, koma fizi ya zaka zitatu singaisenze.

Benchi yanu ya kaunjika musaitseke. Anamwino ambiri akamaliza sukulu amakhala kaye pakhomo kudikira kuti boma lilembe anthu ntchito, ena n'kumagwira maganyu m'zipatala zolipira. Phunzitsani m'bale mmodzi wokhulupirika kusankha belo ndi kuika mitengo chaka chino inu mudakalipo, mum'gulire kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo Lamlungu lililonse muziwerengera limodzi.